Yogati wopanga pakhomo: yambani mwawiritsa mkaka

M'dzinja ng'ombe zikakhuta msipu ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, mkaka umachuluka, ndipo ambiri timangousiya m'chikho kuti usase wokha. Chambiko n'chokoma, palibe angatsutse. Vuto n'lakuti mkaka wosawiritsa, wa ng'ombe kapena wa mbuzi, ukhoza kukhala ndi tizilombo toyambitsa chifuwa chachikulu, matenda a brucellosis (omwe amatenthetsa thupi n'kuphwanya m'mfundo) ndi kutsegula m'mimba, ndipo kusasa sikupha tizilombo tonseti. Yogati amakupatsani mkaka wowawasa womwewo, koma wodutsa pamoto. Safuna makina: poto, supuni, botolo lagalasi lokhala ndi chivundikiro ndi bulangete, basi.

Sambani m'manja ndi sopo, ndipo botolo ndi supuni muzitsuke ndi madzi owira. Thirani lita imodzi ya mkaka m'poto, muziutakasa kuti usapserere pansi, mpaka uwire n'kuyamba kufufuma. Ngati ndi mkaka waufa, sungunulani m'madzi owiritsa.

Apa ndiye pomwe ambiri amalakwitsa. Mkaka uzizire kufika pa madigiri 40 mpaka 45. Poyezera musavutike: viikani chala chaching'ono chosamba bwino. Mukatha kuwerenga mpaka khumi osapsa, koma mukumva kufunda ndithu, wafika. Ukakhala wotentha kwambiri umapha tizilombo tabwino tomwe timapanga yogati, ukazizira kwambiri tizilomboto sitigwira ntchito. Tikatero timati mkaka wakana, pomwe tapupuluma ndife.

Mbewu yake, yothira mumkaka kuti ugwire, ndi yogati wam'sitolo wopanda shuga kapena zipatso, yemwe masiku ake sanathe. Masupuni aakulu awiri amakwanira lita imodzi. Tizilombo ta mmenemo timadya shuga wachilengedwe wa mumkaka n'kumusandutsa asidi, ndiye mkaka umagwirana n'kuwawasa. N'chifukwa chake ena omwe mkaka wamba umawasokoneza m'mimba amadya yogati popanda vuto.

Sakanizani pang'onopang'ono, thirani m'botolo, tsekani, kulungani m'bulangete n'kuika m'dengu kwa maola 6 mpaka 8. Osamavundukula, osagwedeza. Ku Ulongwe mu Juni ndi Julayi kumazizira, choncho ikani dengulo pafupi ndi pamoto kapena gwiritsani ntchito fulasiki, ndipo mungadikire maola oposa apa. Mumzinda wa Tete, ku Moatize ndi ku Changara, komwe mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, kansalu kopyapyala n'kokwanira, ndipo yambani kuyang'ana msanga. Timadzi tachikasu toyandama pamwamba si vuto, takasani kapena tsanulani.

Malambe, nthochi, mango kapena shuga muike yogati atagwira kale, m'mbale yodyera. Malambe mukawathira poyamba amadula mkaka chifukwa ndi owawasa. Musanathire kalikonse, patulani masupuni awiri a mbewu ya ulendo wina. Mbewu ikayamba kufooka, gulani yatsopano.

M'firiji yogati amakhala pafupifupi sabata imodzi. Ngati firiji mulibe, pangani wochepa, woti athe tsiku lomwelo. Akamanunkha, akatuluka thovu lambiri, akachita chuku kapena kusintha mtundu, tayani. Osalawa n'komwe.

Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha. Akapitirira pamenepo mungamupatse yogati wopanda shuga pambali pa phala, uku akuyamwabe. Uchi ayi, mpaka akwanitse chaka.

Mkaka wa ng'ombe yodwala, yapoloza kumene, kapena yomwe ikulandira mankhwala, musaugwiritse ntchito musanafunse alangizi a ziweto. Mankhwala ena otsalira mumkaka amalepheretsanso yogati kugwira. Ndipo ngati wina pakhomo thupi likumatentha n'kusiya, n'kuyambiranso, akutuluka thukuta usiku, m'mfundo mukuphwanya, koma akayezetsa malungo sakupezeka, abwerere kuchipatala akawauze a zaumoyo kuti wakhala akumwa mkaka wosawiritsa.