Magalasi a VR sapopa magazi

Kanema wa ophunzira unamwino atavala chipangizo chophimba maso cha VR (chomwe chimaonetsa malo opangidwa pa kompyuta ngati enieni) akafika pa WhatsApp, ena kuno ku Mulanje amayamba kunong'onezana kuti anamapopa abweranso. Limenelo ndi bodza, ndipo limandidetsa nkhawa, chifukwa mu 2017 mphekesera zomwezi zinaphetsa anthu osalakwa m'boma lino.

M'chipangizocho mulibe singano. Muli timasikirini, magalasi ndi tizida tozindikira komwe mutu watembenukira. Wovalayo amaona wodi yopangidwa pa kompyuta, mwina mayi akutaya magazi atangochira, n'kumayeseza chochita mobwerezabwereza popanda kuika moyo wa munthu pachiswe. Kwa odwala enieni amapitabe, mphunzitsi ali pambali.

Vuto lodziwika la chipangizochi ndi chizungulire kapena nseru kwa ena, zomwe zimatha akavula n'kupumula.