Umboni Umene Umakanirira Kunsi kwa Nsapato

Aliyense amene anakulira kumudzi amadziwa kusiyanitsa katondo wa kumtunda ndi makande a kudambo, ndipo mayi akaona matope akuda kumapazi a mwana safunsanso kumene wachokera. Ntchito yanga yopima miyala ndi dothi imayambira pa nzeru yomweyo, kungoti ife timagwiritsa ntchito maikulosikopu, ndipo zimene tapeza zimakanenedwa kukhoti.

Njirayi si ya lero. Mu 1904, ku Germany, katswiri wina dzina lake Georg Popp anapima kansalu kopukutira mamina kamene kanatoledwa pamalo pamene mayi wina anaphedwera, ndipo anapezamo tizidutswa ta malasha, fodya wopera ndi timiyala totchedwa hornblende. Malasha ndi timiyala tomweto zinapezekanso m'zikhadabo za munthu amene ankamuganizira.

Nthaka ya kuno ku Johannesburg imatithandiza kwambiri chifukwa ndi yosiyanasiyana. Kumpoto, cha ku Randburg ndi Midrand, pansi pali mwala wa granite, ndipo dothi lake limakhala ndi mchenga wokhakhala. Kumwera, kumene golide wakhala akukumbidwa kuyambira 1886, kuli milu yachikasu ya zotsala za m'migodi imene mumaiona mukamapita ku Soweto. Mchenga wake ndi wosalala ngati ufa chifukwa unaperedwa ndi makina, ndipo sungasokonezeke ndi dothi la m'munda. Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi pakati pa chidendene ndi phazi la nsapato, pamene matope amaunjikana mosanjikizana. Timawasenda pang'onopang'ono, gawo ndi gawo, podziwa kuti la mkati ndilo linayamba kumata ndipo la kunja ndi la malo otsiriza, kotero kuti nthawi zina ndondomeko ya ulendo wa munthu imaonekera pamenepo.

Golide nayenso amaulula kwawo. Samakhala yekhayekha, amakhala ndi siliva ndi tizitsulo tina tochepa kwambiri, ndipo kasakanikiridwe kake kamasiyana malinga ndi kumene anakumbidwa komanso mmene anayengedwera. N'chifukwa chake lamulo la Precious Metals Act la 2005 limalamula eni migodi kupereka zitsanzo ku labotale ya apolisi, kuti golide wogwidwa ndi anthu okumba mozemba, amene kuno timawatcha zama zama, athe kuyerekezedwa nazo.

Komabe ndiyenera kunena mosabisa kuti dothi silitchula dzina la wolakwa. Likafanana, limangosonyeza kuti munthuyo mwina anapondapo, ndipo ambiri a ife timadutsa pafupi ndi milu ya m'migodi ija tsiku ndi tsiku popita kuntchito. Mphamvu yake yeniyeni imaoneka likasiyana, pakuti pamenepo limatha kumasula munthu wosalakwa kapena kutsutsa wonena kuti anali kwina.

Choncho chigawenga chikasiya nsapato, fosholo kapena mapazi amatope pakhomo panu, musasese, musatsuke, ndipo musaunjike zinthuzo m'thumba limodzi. Zisiyeni mmene zilili kufikira apolisi atafika.