Mafuta a olivi achinyengo: uthenga kwa anthu a ku Salima

Mafuta a olivi, omwe ena amati a azitona, amagulidwa ndi anthu amene akufuna kusamala moyo wawo. Odwala BP kapena shuga amawafuna chifukwa anamva kuti ndi abwino ku mtima, amayi amadzoza ana, ndipo akumpingo amadzozera odwala. Munthu amadzimana zina kuti agule kabotolo kamodzi. N'chifukwa chake zimapweteka kwambiri kuti mabotolo ena olembedwa olivi alibemo olivi, kapena muli wongolawitsa.

Mafuta enieni amachokera kutali, makamaka ku Spain, Italy, Greece ndi Tunisia. Chilala chitawononga zokolola ku Spain mu 2022 ndi 2023, mtengo wake unakwera padziko lonse, ndipo katundu akadula akamberembere sachedwa. Amatenga mafuta otchipa a mpendadzuwa kapena a soya, n'kuthiramo utoto wobiriwira. Ena amatenga mafuta oyengedwa ndi mankhwala kuchokera ku zotsalira za zipatso zofinyidwa kale, n'kumata pepala loti "extra virgin". Dzinali lili ndi muyezo wake. Bungwe la International Olive Council la ku Madrid limati mafuta otere afinyidwe popanda mankhwala, ndipo asidi wake asapitirire 0.8 peresenti. Asidi ameneyu simungamuone ndi maso, amapezeka ku labotale basi.

Nthawi zambiri wogula amangoberedwa ndalama, koma nkhaniyi inaphapo anthu. Mu 1981 ku Spain, ogulitsa oyendayenda ankagulitsa motchipa mafuta a mbewu ina omwe anali othiridwa mankhwala a aniline kuti azigwira ntchito m'mafakitale, iwo n'kumati ndi a olivi. Anthu pafupifupi 20,000 anadwala, oposa 300 anamwalira, ndipo ambiri anatsala ndi ulumali wa moyo wonse. Matendawa ankayamba ndi kutentha thupi, chifuwa, kubanika, zidzolo ndi kuphwanya kwa minofu. Ku Morocco mu 1959, mafuta ophikira osakanizidwa ndi oyilo wa injini za ndege anafooketsa manja ndi miyendo ya anthu pafupifupi 10,000. Amene anavulala kwambiri anali osauka ofuna zotchipa.

Mukamagula, kaya pa Kamuzu Road, ku Senga Bay kapena ku Chipoka, litengeni botolo m'manja. Pukusani chivundikiro pang'ono: ngati kamkombero ka pansi kali kodukaduka kale, botololo linatsegulidwapo. Yang'anani pepala ngati pali dzina la kampani, dziko lomwe mafutawo achokera, nambala ya gulu la katunduyo ndi tsiku lothera ntchito. Deti lofufutika kapena lomatidwa kapepala kena pamwamba likupatseni chikaiko. Mtengo ukayandikana ndi wa mafuta wamba ophikira, asiyeni. Mafuta a olivi oyezeredwa m'timachubu kapena m'botolo la madzi musagule n'komwe, ngakhale wogulitsa akhale wa mpingo wanu.

Pali mphekesera yoti mukawaika mu firiji n'kuundana ndiye kuti ndi enieni. Njira imeneyi si yodalirika, ndipo mtundu wobiriwira nawonso sutsimikizira kanthu. Komanso kuno kunyanja kumatentha. Botolo lokhala pa benchi padzuwa tsiku ndi tsiku limawonongeka ngakhale likhale lenileni, ndipo mafuta ake amanunkha ngati mtedza wokhalitsa.

Malamulo alipo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards (MBS) limayeza katundu wopangidwa muno ndi wolowa kuchokera kunja, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula onamizidwa, ndipo azaumoyo a ku khonsolo amayendera malo ogulitsira zakudya. Pempho lathu n'lakuti kuyenderaku kufike m'magolosale ang'onoang'ono ndi m'misika ya kumudzi, ndipo katundu akagwidwa afufuze mpaka apeze amene anamupikulitsa. Wa kagolosale nthawi zambiri nayenso anangonamizidwa. Inu eni mashopu, sungani malisiti a kumene mwaoda, ndiwo adzakuombolani.

Odwala BP ndi shuga, mafuta a olivi sachiza matenda amenewa, choncho musasiye mankhwala a kuchipatala. Ngati ndalama ya enieni palibe, gulani mafuta wamba otsekedwa bwino okhala ndi chizindikiro cha MBS. Amenewa amathiridwa vitamini A wothandiza ana, ndipo muziwathira pang'ono m'ndiwo.

Anthu angapo m'nyumba akadwala mutayamba kuphikira mafuta atsopano, lekani kuwagwiritsa ntchito ndipo thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Botolo musataye. Litengeni pamodzi ndi lisiti ngati lilipo, muuze adokotala kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kumene munagula ndi tsiku lake, kuti mabotolo otsalawo achotsedwe pa shelefu anthu ena asanagule.