Musanasinthe Ekizozi ya Kagalimoto Koyendera Nitro

Ambiri amene amandibweretsera timagalimoto ta rimoti toyendera mafuta a nitro amafuna kusintha ekizozi kuti kagalimoto kazilira mwaukali, osadziwa kuti pa injini imeneyi paipi ya utsi ndi mbali ya kapumidwe kake. Injini zimenezi, monga ya .21 yomwe kukula kwake ndi 3.5cc, ndi za two-stroke, kutanthauza kuti mafuta amapsa nthawi iliyonse pisitoni ikakwera ndi kutsika kamodzi, ndipo zimatha kuzungulira koposa ka 30,000 pa mphindi imodzi. Mafuta atsopano amalowa m'silinda khomo la utsi lidakali chitsegukire, kotero kuti ena amathawira m'paipi asanapse.

Paipi yopangidwa bwino imawabweza mafutawo. Mukaiyang'anitsitsa muona kuti imayamba yaing'ono, imafufuma pakati, kenaka imachepanso kumapeto. Pofufumapo pamathandiza kukoka utsi m'silinda, pamene pocheperapo pamabweza funde la mpweya limene limakankhira mafuta othawa aja m'silinda pisitoni isanatseke khomo. Nzeru imeneyi anaikulitsa ndi Walter Kaaden wa kampani ya MZ ku East Germany, pa njinga zamoto za mpikisano m'zaka za m'ma 1950.

Fundelo liyenera kufika pa nthawi yake, ndiye chifukwa chake kutalika kwa paipi kuli nkhani yaikulu. Yaifupi imapatsa mphamvu injini ikathamanga kwambiri, pamene yaitali imathandiza ponyamuka. Kagalimoto kolemera ngati Traxxas T-Maxx, koyenda m'mabampu ndi m'maudzu, ine ndimakaikira yotalikirapo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kapaipi ka silikoni kochoka pa ekizozi kupita ku thanki. Injinizi zilibe pampu, ndipo mpweya wodutsa m'kapaipi kameneka ndi umene umakankhira mafuta ku kabureta. Mnyamata wina anakulitsa kabowo kotulukira utsi ndi dirilo pofuna phokoso. Mpweya wopita ku thanki unachepa, injini inayamba kulandira mafuta operewera, ndipo nditaitsegula ndinapeza pisitoni itakandikakandika, yosagwiranso mpweya. Zinandipweteka mtima, chifukwa oyilo wofewetsa injini amabwera wosakanizidwa m'mafuta momwemo, kotero mafuta akachepa oyilonso amachepa.

Mukamanga paipi yatsopano, ikani gasiketi yatsopano, onetsetsani kuti masipuling'i agwira, ndipo tsegulani pang'ono singano yaikulu ya kabureta, imene imachepetsa kapena kuchulukitsa mafuta olowa, kuti injini iyambe ndi mafuta ochulukirapo. Kenaka muziitseka pang'onopang'ono uku mukuyendetsa, mpaka liwiro litabwera koma utsi wabuluu ukuonekabe. Mutu wa injini usatenthe kupyola madigiri 130 a Celsius. Ngati mukufuna kudzalowa mipikisano ya ku Ulaya, gulani paipi yodindidwa nambala ya EFRA, bungwe loyendetsa mipikisano ya timagalimoto ta rimoti kumeneko, pakuti bungwe limeneli limaika malire a phokoso ndipo sililola paipi yoboolaboola.