Chinaka, paini ndi udzu wa ku Nyika

Atsamunda atatsegula esiteti ya mitengo ya mafuta yotchedwa tung kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, pomwe lero pali mzinda wa Mzuzu, udzu wa m'mapiri ankauona ngati malo ongokhala. Boma la Kamuzu linatengera maganizo omwewo. Linadzaza Viphya ndi paini mpaka mahekitala 53,000, likudikira fakitale ya mapepala ku Chintheche, yomwe mpaka lero sinamangidwe. Ngakhale pa Chelinda, pakatikati pa Nyika, paini anafikapo m'zaka za m'ma 1950. Koma zomera zambiri zosowa za kumpoto kuno zimamera mu udzu momwemo, ndipo pansi pa paini sizipirira mthunzi.

Nyika inakhala paki mu 1965. Ataikuza mu 1978, mabanja anasamutsidwa, ndipo ana awo sanaiwale. Kuwerenga zomera kunabwera mochedwa. Lamulo lokhazikitsa bungwe losunga ndi kufufuza zomera la National Herbarium and Botanic Gardens linadutsa mu 1987, likulu ku Zomba, munda umodzi ku Mzuzu. Mu 2000 akatswiri a mayiko a kummwera kwa Africa, pansi pa mgwirizano wawo wofufuza zomera wotchedwa SABONET, anayenda pa Nyika akutola masamba ndi maluwa, kuwapanikiza m'manyuzipepala ndi kulemba pomwe apezeka. Mndandanda wa 2005 unaposa mitundu 1,800, ina yosapezeka kwina kulikonse padziko. Maluwa a mtundu wa orchid okha amaposa mitundu 200.

Apa ndi pomwe nkhani imafika kukhitchini, poti ena mwa ma orchid amenewa, monga Disa ndi Satyrium, ndiwo chinaka, chimene ena amati chikande. Timbatata take amatitsuka, kusinja mu mtondo, kusakaniza ndi nsinjiro ndi chidulo kapena soda, n'kutakasa pamoto mpaka phalalo litalimba moti n'kucheka ndi mpeni. Kale inali ndiwo ya pakhomo nyama ikasowa. Pano ndi malonda, ndipo msika wa ku Zambia umameza matumba ochokera ku Tanzania ndi kuno komwe.

Vuto lili pa kakumbidwe. Chomerachi chimasunga chakudya cha chaka chamawa m'kambatata katsopano, kolimba, ndipo n'komweko wogula amafuna. Kakale, kofota, alibe nako ntchito. Ukachotsa katsopanoko, mvula ikabweranso pamalopo sipaphuka kanthu. Owerenga zomera amayenera kupita nthawi ya dzinja maluwa ali poyera, chifukwa timbatata pa thandala la pamsika timangofanana, sungadziwe kosowa ndi kochuluka. Okumba amabwera m'mbuyo mwawo maluwa atafota, khasu laling'ono m'manja.

Kungoletsa, ine sindikuona kuti kungathandize. Mayi wa m'malire mwa paki, amene makolo ake anachotsedwa mu 1978, ukamuuza kuti phirilo ndi la boma amakumvera mwaulemu, mawa lake n'kulawirira komweko asilikali a paki asanadzuke.