Mmene "he" adasandukira lamulo m'Chingerezi

Kwa zaka zambiri, mwana akalemba "everyone has their book", mphunzitsi wa Chingerezi ankachonga cholakwa n'kulemba "his" pamwamba pake. Ankati ngati sizikudziwika kuti munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi, mawu achimuna ndiwo amaimira onse. Koma lamulo limeneli silidabadwe ndi chilankhulocho. Angerezi ankanena kale "they" potchula munthu mmodzi kuyambira m'zaka za m'ma 1300, ndipo alembi otchuka Shakespeare ndi Jane Austen nawonso adalemba choncho.

Muzu wake uli m'Chilatini. Anyamata a sukulu a m'zaka za m'ma 1500 ankaloweza galamala yonena kuti chachimuna n'cholemekezeka kuposa chachikazi, ndipo olemba mabuku a Chingerezi adangotengera maganizowo. Chodabwitsa n'chakuti m'modzi mwa oyamba kulemba kuti "he" aziimira aliyense anali mayi, Ann Fisher, mphunzitsi wa ku Newcastle, m'buku lake la 1745. Kenako buku la Lindley Murray la 1795 lidafalikira m'masukulu a ku Britain ndi ku America, ndipo ana adakula akudziwa kuti "they" wa munthu mmodzi n'kulakwa.

Mu 1850 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain idakhazikitsa kuti m'malamulo ake mawu achimuna akuphatikizanso akazi. Apa ndiye pamene pamandikhudza mtima. Lamulo la zisankho la 1867 lidapereka voti kwa "man" aliyense wokwaniritsa zofunika. Amayi oposa 5,000 a ku Manchester adati basi, nafenso tili momwemo, n'kupempha kulembedwa m'kaundula. Nkhani idafika kukhoti mu 1868, pa mlandu wa Chorlton v Lings, Richard Pankhurst ali m'gulu la maloya owaimira. Oweruza adakana. Mayi akaba kapena akazemba msonkho, "he" ankamugwira bwinobwino, koma pa voti mawu omwewo adasanduka a amuna okhaokha.

M'zaka za m'ma 1970 akatswiri monga Ann Bodine adafukula mbiri yonseyi, ndipo mu 1980 Casey Miller ndi Kate Swift adalembera akonzi a nyuzi ndi mabuku malangizo opewera tsankholi. Boma la Britain lidalengeza mu 2007 kuti malamulo atsopano asamalembedwenso ndi "he" yekha. M'kalasi ndimo zinthu zimachedwa, chifukwa mphunzitsi amachonga monga adamuchongera iye, ndipo amaopa kuti wochonga mayeso angamulande mwana malikisi.