Kuwongola ulusi ndi magetsi pa electrospinning: mafunso ndi mayankho

Kodi electrospinning n'chiyani?

Ndi njira yopota ulusi wopyapyala kwambiri, woposa tsitsi kutali, pogwiritsa ntchito magetsi. Mumasungunula polima (zinthu zonga pulasitiki, monga zotchedwa PCL kapena PVP) m'madzi kapena m'mankhwala amadzimadzi, n'kuithira mu sirinji. Singano yake mumailumikiza ku magetsi a mavoliti 10,000 mpaka 30,000, ndipo chapatsogolo, pa masentimita 10 mpaka 20, pamakhala mbale yachitsulo yolandirira ulusi. Dontho la kunsonga kwa singano limasongoka ngati pensulo, kenako kamtsinje kopyapyala kamatumphukapo. Kusongoka kumeneku anakufotokoza ndi wasayansi Geoffrey Taylor mu 1964.

Nanga bwanji ulusiwo umagwa mopiringizana?

Kamtsinje kaja kamayenda mowongoka kamtunda kochepa chabe. Kali ndi chaji (mphamvu ya magetsi imene kanyamula) cha mtundu umodzi paliponse, choncho zigawo zake zimakankhana, n'kuyamba kupindika ndi kukwapula mozungulira ngati chikwapu. Kukwapulako musakuide, chifukwa n'kumene kumatambasula ulusi ndi kuuwumitsa usanafike pambale. Vuto lake n'lakuti ukafika umangodziunjika paliponse.

Ndiye magetsi amauwongola bwanji?

Njira imene ine ndimaikonda, chifukwa ndi yosavuta koma yanzeru, ndi ya mpata. Anaisonyeza ofufuza Dan Li, Yuliang Wang ndi Younan Xia mu 2003. M'malo mwa mbale imodzi, mumaika timbale tiwiri todutsa magetsi moyang'anizana, pakati n'kusiya mpata. Ulusi ukamatsika, mphamvu yokoka imagawanika pawiri: nsonga ina imakokedwera kuno, ina uko, ulusi n'kutambasuka modutsa mpatawo. Palinso china. Gawo lolendewera pampata silikhudza chitsulo, motero chaji chake sichithawa msanga. Ulusi wotsatira ukabwera umakankhidwa pang'ono, n'kukhala pambali pa mnzake mofanana. Mukayang'ana pa maikulosikopu, mumaona ngati zingwe za gitala.

Kodi njirayi ilibe vuto?

Lilipo. Mpata ukakula kwambiri, ulusi wowonda umaduka. Mukapota nthawi yaitali, chaji chimachuluka pampata ndipo ulusi watsopano umayamba kugwa mwachisawawa. Choncho musayembekezere nsalu yochindikala.

Bwanji osangolandirira ulusi pa mgolo wozungulira m'malo mwa mbale?

Ambiri amatero, ndipo mgolo umapereka nsalu yaikulu. Koma liwiro lake liyenera kufanana ndi la ulusi: mgolo ukachedwa ulusi suwongoka, ukathamangitsa ulusi umaduka. N'chifukwa chake ena amaphatikiza mgolo ndi kuwongola kwa magetsi, n'kuika maelekitirodi (tizitsulo todutsa magetsi) othandizira kumbuyo kwa mgolo kapena m'mbali mwa kamtsinje kuti achepetse kukwapula.

Kodi n'zotheka kuthetseratu kukwapulako?

Inde. Ofufuza a ku University of California, Berkeley anasonyeza mu 2006 kuti singano ikayandikira mbale mpaka mamilimita ochepa, ulusi umafika usanayambe kupindika. Apa mumayendetsa mbaleyo, ulusi n'kumalemba mizere ngati cholembera. Ulusiwo umakonda kukhala wonenepako, chifukwa sunatambasuke mokwanira.

Khama lonseli n'lachiyani?

Apa m'pamene nkhaniyi imandikhudza mtima. Maselo amatsata njira imene aikidwapo. Maselo a mitsempha ndi a minofu akaikidwa pa ulusi wowongoka amatalika motsatira ulusiwo, monga momwe amakhalira m'thupi, ndipo n'chifukwa chake ofufuza za kulumikiza mitsempha yoduka amaufuna kwambiri. Nsalu yotere imalimbanso ikakokedwa motsatira ulusi, ngakhale kuti chopingasa imang'ambika msanga.